Dzanja Limene Atate Sanakweze

Mpaka lero ndikamva fungo la palafini losakanikirana ndi la masaka akale, ndimapezeka ndili m'holo ya sukulu ya kumishoni, masana a Lachitatu, thukuta likutsetsereka kumsana. Mawindo onse ankawatseka ndi masaka a chimanga kuti mukhale mdima, chifukwa mlendo anali ndi nyali yoonetsera zithunzi pakhoma. Kunja dzuwa la Okutobala linkang'amba nthaka, nyenje zikulira m'mitengo ya masuku, koma ife m'katimo tinkapsa ngati mbatata zovundikira. Anthu ankanunkha utsi, fodya wa m'mphuno ndi sopo wobwereka. Ana asukulu tinkakhala pansi kutsogolo, miyendo titapinda, ndipo ine nthawi zonse ndinkakhala pafupi ndi mnzanga Lute, amene ankabisa masuku m'chilundu cha nsalu yake n'kumandipatsira limodzilimodzi mumdimamo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi, sindikudziwa bwino. Mudzi wathu uli m'mapiri a cha ku Dambe, ndipo nthawi imeneyo njala yaikulu ija inali itangotha kumene, anthu akadali ndi mantha m'maso akayang'ana nkhokwe. Atate, a Mbewe, sanapondeko m'kalasi. Komabe dzina lawo linkamveka midzi yonse yozungulira, chifukwa m'chaka cha njalacho ndiwo anaphunzitsa anthu kakonzedwe ka mpama wowawa wa m'phiri, umene umapha munthu akaudya osaukonza bwino. Ankausenda, kuudula timapande topyapyala, kuuwiritsa, kenaka kuuika m'dengu n'kukaumangirira pamwala mumtsinje, pamalo pamene madzi akuthamanga. Dengulo linkakhala m'madzimo masiku angapo, atate akukaliona m'mawa uliwonse. Pomaliza penipeni amayi ankauviika mumtsuko kunyumba usiku umodzi, koma kumeneko kunali kungochotsa mchenga basi. Chiphe chinkapita ndi mtsinje.

Mlendo uja anali mzungu wachinyamata, wamtali, wa khosi lofiira ndi dzuwa. Ankati wachokera ku yunivesite ya kwawo kutsidya kwa nyanja, kudzafufuza zimene anthu ankadya pa nthawi ya njala. Dzina lake linatikanika, ndiye tinangomutcha Bwana Makope, pakuti matumba ake onse anali odzaza ndi timakope. Sanali munthu woipa, zimenezo ndinene. Ankakhala pamphasa ngakhale miyendo yake inkakana kupindika, ankadya nkhwani wotendera osakwinya nkhope, ndipo anaphunzira kuomba m'manja polandira madzi. Milungu itatu anayenda ndi atate m'mapiri, aphunzitsi athu a Saizi akumasulira. Atate akakumba muzu, iye ankaujambula, kuununkhiza ndi kulemba.

Tsiku limene atate anakumba mpama, mlendoyo anaona kusenda ndi kuwiritsa. Mawa lake anagwa ndi malungo, nakagona kumishoni pafupifupi mlungu wathunthu. Pamene anabweranso, wowonda, milomo itauma, anapeza amayi akuvuula timapande tija mumtsuko pakhonde. Anafunsa kudzera mwa a Saizi ngati umu ndi mmene timaviikira m'madzi. Atate anavomera, pakuti zinali zoona ndithu, ndiponso munthu amene wangodzuka kumene pa mphasa ya matenda sumuunjikira mawu. Ankaganiza kuti nkhani ya mtsinje adzamufotokozera tsiku lina atapeza mphamvu. Mlendoyo analemba, natseka kope lake, ndipo tsiku linalo silinabwere, chifukwa anasamukira ku boma kukakonza zolemba zake.

Kenaka kutchalitchi analengeza kuti Bwana Makope adzakamba zimene wapeza, Lachitatu lililonse kwa milungu inayi, ndipo aliyense akhoza kubwera. A Saizi anatifotokozera m'kalasi kuti ku yunivesite zimayenda choncho: munthu wophunzira amaima kutsogolo kwa gulu n'kukamba nkhani yake, akatha anthu amamufunsa, ngakhale kumutsutsa kumene, ndipo sakwiya. Tinaseka, poganiza kuti aphunzitsi akutinamiza. Kunyumba kunabwera uthenga wakuti atate awasungira malo pa benchi ya kutsogolo. Amayi anachapa jekete la khaki limene atate ankavala pa Mgonero pokha, nabwereka simbi ya makala kwa akazi a mlaliki. Ulendo wake unali wa maola awiri, kutsetsereka kumtsinje ndi kukweranso, ndipo atate ankanyamula jeketelo pamkono kuti lisadetsedwe, n'kudzavala tikafika pa mitengo ya bulugamu ya pachipata.

Lachitatu loyamba linali lokoma. Pakhoma panaoneka phiri lathu, panaoneka nkhokwe ya kwathu, kenaka panaoneka manja a atate atagwira muzu, aakulu kuposa chitseko. Holo yonse inaphulika. "Awo ndi a Mbewe! Taonani chala chopindika chija!" anakuwa munthu wina kumbuyo. Lute anandigwedeza ndi chigongono mpaka ndinamva kuwawa. Ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi.

Lachitatu lachiwiri ndi limene anafika pa mpama. Chithunzi cha mtsuko wa amayi chinali pakhoma, ndipo a Saizi anamasulira momveka bwino, mawu amodziamodzi, kuti olemba alembe: "Mukasenda ndi kuwiritsa, muuviike mumtsuko usiku umodzi. Kukacha mukhoza kudya." Ine ndinali nditakhala pafupi ndi mapazi a atate, ndipo ndinaona zala zawo za kuphazi zikukanda pansi m'nsapato zawo za matayala. Ndinayembekeza kumva za dengu ndi za mtsinje. Chithunzi chinasintha, panabwera bowa.

Atatha, mlendoyo anayang'ana wotchi yake nati tsopano ndi nthawi ya mafunso. Manja anakwera. Anali a anyamata ophunzira uphunzitsi ndi a kalaliki wina wochokera ku boma, amene anafunsa m'Chingerezi funso lalitali lomwe ngakhale a Saizi sanavutike kulimasulira. Mnyamata wina anafunsa ngati ku Ulaya kumagwanso njala. Atate anatsokomola kawiri, nasuntha pabenchi, nayamba kutikita manja awo pang'onopang'ono. Kwathu aliyense amadziwa tanthauzo la zimenezi. Pokamba mlandu, pa chinkhoswe, ngakhale pa zokambirana za pamaliro, anyamata ndiwo amayamba, ndipo wodziwa nkhaniyo kwambiri amayankhula pomaliza. Sadziponya yekha ayi. Amapereka chizindikiro, ndipo woyendetsa nkhani amati, tiyeni timveko kwa a uje. Koma m'holomo munali mdima, ndipo woyendetsa nkhani ankangoona manja amene ali m'mwamba. Chitsulo chinalira panja. Anthu anaomba m'manja, atate nawonso anaomba, chifukwa kukhala chete mlendo atatha kuyankhula kukanakhala kumunyoza.

Pobwerera, titaoloka mtsinje, atate anavula jekete nati, "Nachisale, mnyamata uja waphonya. Wasiya mtsinje."

"Nanga inu osanena bwanji?" anafunsa amayi.

"Andiitana. Ukuganiza kuti andiikira chiyani kutsogolo? Akundisungira kumapeto."

Ine ndinali pambuyo pawo, nditasenza chikho cha madzi, ndipo ndinkadziwa kuti sizili choncho. Ndinali nditakhala m'kalasi zaka zitatu. Ndinkadziwa kuti m'chipinda chokhala ndi bolodi, woyankhula osakweza dzanja amalandira lula pazala, ndipo wosakweza dzanja saoneka, ngakhale atatsokomola mpaka mvula kugwa. Mawu ake anali ochepa, anafika pakamwa penipeni: atate, muzikweza dzanja. Koma mwana, ndiponso mwana wamkazi, angauze bwanji bambo wake wa imvi kuti achite chimene ife tinkachita popempha kupita kuchimbudzi? Ndinayang'ana msana wawo wowongoka uja, ndinameza mawuwo, n'kudziuza kuti akuluakulu ali ndi njira zawo zimene ine sindikuzidziwa.

Wina angafunse kuti bwanji atate sanakamuone mlendoyo payekha. Anayesa. Koma iye ankabwera pa lole Lachitatu lokhalo, ndipo akatha kuyankhula ankalowa m'nyumba ya mzungu wa mishoni kukamwa tiyi, nyumba ya galu pakhonde, imene munthu sankafikako osaitanidwa. Komanso atate ankati chinthucho chalowa m'makutu a anthu mazana, ndiye kuchikonzera kuseri sikungathandize, chiyenera kukonzedwa anthu omwewo akumva. Lachitatu lachitatu, atatsokomolanso pachabe, anawapeza a Saizi panja nawauza zonse. Ndinaona a Saizi akupukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Bwana amapereka nthawi ya mafunso, a Mbewe," anatero. "Mudzanene pamenepo mlungu wamawa, zidzamveka bwino zikachokera kwa inu." Sananame. Kungoti anali atakhala m'sukulu zaka zambiri moti sanaganize n'komwe kuti pali munthu wosadziwa za dzanja. Mwinanso sankafuna kuti iwo ndiwo akhale ouza mzungu kuti walakwa. Atate anamva ngati alonjezedwa kuti adzaitanidwa.

Mlungu umenewo anakumba mpama wina, naukonza monga mwa nthawi zonse. M'mawa wa Lachitatu lomaliza anakatenga kadengu kumtsinje, kakudontha madzi, nakakutira ndi masamba a nthochi kuti akaonetse anthu ndi maso. Kumwamba kunali kutasintha. Mitambo yakuda inali itaunjikana cha kumadzulo, mphepo ikununkha fumbi lonyowa, nyerere zikuthamanga m'njira ndi mazira awo. M'holo munadzaza kuposa masiku onse, ena atakhala m'mawindo kuseri kwa masaka. Atate anaika kadengu kaja pakati pa mapazi awo, ndipo madzi ake anayenda pang'onopang'ono mpaka ananyowetsa diresi langa.

Nthawi ya mafunso inali yaifupi chifukwa kunja kunayamba kugunda. Manja anakwera, omwe aja. Langa linanyamuka lokha mpaka paphewa. Sindikudziwa chimene ndikananena. Ndinaona a Saizi akutembenukira mbali yathu, ndipo ndinangodzikanda khutu n'kulibweza pamwendo.

Pamenepo Bwana Makope anatchula dzina la atate. Anati, a Saizi akumasulira, kuti zonse zimene wakamba m'milungu inayiyi waziphunzira kwa munthu mmodzi, a Mbewe, ndipo kwawo munthu wotere akanakhala mphunzitsi wamkulu wa pa yunivesite. Atate anaimirira, nawerama kutenga kadengu, nakonza kukhosi. Nthawi yawo inali itafika. Koma holo yonse inali ikuomba m'manja, azimayi akululutira, ndipo mlendoyo anabwera n'kuwagwira chanza mwamphamvu, nawaika m'manja mpeni wopinda wa chigwiriro chofiira. "Zikomo bwana, koma pali mawu," anatero atate. Ine ndinawamva chifukwa ndinali pamapazi awo. A Saizi anali atatembenuka kale kukazimitsa nyali. Panja dalaivala ankaliza hutala osalekeza, poopa kuti mvula ikagwa lole siikwera chitunda. Madontho oyamba anamenya malata ngati miyala, anthu anathamangira kukhomo, ena akukanganula masaka m'mawindo kuti afunde kumutu. Kuwala kutalowa, atate anali ataimabe pomwepo, mpeni dzanja lina, kadengu dzanja lina.

Mvula imeneyo inali yobzalira, koma atate anasiya khasu kwa amayi ndi ife. Masiku ambiri anayenda mudzi ndi mudzi, khomo ndi khomo, kuuza anthu kuti asatsate za mtsuko. Akuluakulu a kwathu ankangoseka, pakuti ankadziwa kale. Vuto linali kwa anthu obwera, amene anali atangosamukira kuseri kwa phiri kuchokera kuminda ya tiyi, ndipo mpama wa mtundu umenewu sankaudziwa. Mmodzi wa iwo anali a Namakhwa, bambo wake wa Lute, munthu wodziwa kuwerenga, amene anakhala nawo Malachitatu onse anayi akulemba ndi pensulo m'kabuku. Tsiku limene atate anapita kwa a Namakhwa ndinapita nawo, chifukwa ndinkafuna kukaona mnzanga.

A Namakhwa anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka analowa m'nyumba n'kutulutsa kabuku kaja. "Mzungu ananena pamaso panu kuti anaphunzira kwa inu," anatero. "Munakhala kutsogolo, munaomba m'manja, munalandira mpeni. Ngati zinali zolakwika, pakamwa panu panali chiyani? Kapena nkhani ndi yakuti obwerafe tisakumbe m'phiri mwanu, eti?"

Atate anayesa kufotokoza kuti sanaitanidwe, koma ngakhale ine ndinamva kuti mawuwo akumveka opepuka. Mtsinje unali kutali ndi kwa a Namakhwa, mtsuko unali pakhonde, ndipo za mtsukozo zinali zolembedwa. Lute anatiperekeza mpaka pamphambano, akundiuza za diresi limene azakhali ake analonjeza kumutumizira.

Mu Febuluwale chimanga chinali chikungomasula kumene, ndipo nkhokwe za obwera, amene minda yawo inali yaing'ono, zinali zitauma. Lolemba lina malo a Lute pa chipika chimene tinkakhalira m'kalasi anali opanda munthu. Masana tinamva kuti banja lawo lonse ladwala litadya mpama, akusanza ndi kunjenjemera, ndipo awanyamula pa machira kupita kuchipatala cha kumishoni. Bambo, mayi ndi mchimwene wake anachira. Lute anali wamng'ono ndi wowonda kale. Anamwalira m'njira, asanafike pa mitengo ya bulugamu.

Atate anapita kukathandiza kukumba manda, m'dothi lofiira lomata kumakasu. Palibe amene anawanena kanthu. A Namakhwa, akuyenda ndi ndodo, sanawayang'ane kumaso, ndipo atate nawonso sanawayang'ane. Titabwerera kunyumba atate anasolola mpeni uja kudenga kumene anausomeka, anapita kuseri, ndipo ndinamva ukugwera m'chimbudzi. Kuyambira pamenepo munthu akabwera kudzafunsa za mizu kapena za bowa, ankayankha kuti aiwala.

Ndinasunga chinthucho m'mimba mpaka nthawi yokolola. Tsiku lina tili awiri ndi atate m'munda, tikusanja mapesi, ndinagwada patali pang'ono n'kuwauza. Ndinati m'holo muja munthu akafuna kuyankhula amakweza dzanja, ndipo ine ndinkadziwa kuyambira Lachitatu lachiwiri. Anatambasula dzanja lawo lamanja, la chala chopindika lija, naliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Dzanja basi?" anafunsa.

"Eya, atate."

"Ndiye iwe unkadziwa."

"Eya."

Ndinayembekeza kuti andimenya, ndipo ndinkafuna kuti atero. Iwo anangotola phesi lina. "Amako anakulera bwino," anatero, napitiriza ntchito.

Lero ndili ndi ana awiri anga. Mlamu wanga, mng'ono wa bambo a kunyumba, ali pa yunivesite imene anatsegula m'dziko mwathu muno, ndipo akabwera patchuthi amatisimbira mmene amakhalira mozungulira tebulo n'kumatsutsana ndi aphunzitsi awo mpaka tiyi kuzizira. Ndikamuuza kuti inenso ndinakhalapo pa zoterezo kanayi, amaseka, ndipo ndimamusiya aseke. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti Lute ndinamupha ndine ndekha, ndi dzanja langa lija limene linathera pakhutu. Tsopano ndimaona kuti m'holo muja munadzaza anthu aulemu okhaokha. Mlendo anathokoza mwaulemu, aphunzitsi anapewa mwaulemu, atate anadikira mwaulemu, ine ndinameza mawu mwaulemu, ndipo sipanapezeke wamwano ngakhale mmodzi woti aimirire n'kukuwa kuti imani kaye. Zimenezi sizindichotsera gawo langa, zimangondionetsa kuti silinali langa lokha. Chimene chimandiwawabe n'chakuti mnyamata uja anapita kwawo osadziwa kanthu, ndipo mwina anakaimanso m'maholo akuluakulu a kumeneko, chithunzi cha mtsuko wa amayi chili pakhoma, akutchula dzina la atate mwaulemu.

Kusikelo, anamwino akatha kutiphunzitsa n'kufunsa ngati pali funso, ine ndimakweza dzanja, mwana ali kumbuyo, ngakhale amayi anzanga amanong'onezana kuti ndimadzionetsa. Ndipo mwana wanga wamkazi akandikoka chitenje ndili pakati pokamba ndi akuluakulu, ndimasiya nkhaniyo n'kuwerama kuti ndimve. Apongozi anga amati ndikumulera moipa mwanayo.